Mitengo Imene Ndinabzala pa Kasupe wa Nankhanu

Sendezani madenguwo kuno kumthunzi, ana inu, pakuti mbatatesi ya mbewu siikonda dzuwa. Imene ili yaikulu ngati dzira la nkhuku ndipo yatulutsa maso muiike kumanja kwanga. Yofewa ndi yobooka ipite m'dengu la nkhumba. Iwe Tomasi, telefoniyo ilowe m'thumba, manja ako onse awiri ndikuwafuna.

Lusiya, khala pafupi ndi ine. Dzulo unabwera ndi mbande ziwiri za bulugamu zimene aphunzitsi anakupatsani ku shikola, uli wokondwa kuti ukazibzale kumutu kwa kasupe wathu, ndipo ine ndinakuletsa ndi mawu okwera ngati wagwidwa ukuba nkhuku. Ndaona m'mawa uno kuti moni wako unali wozizira kuposa madzi a mumtsuko. Sunalakwe, mdzukulu wanga. Mbande zakozo tikazibzala mawa pa chitunda cha miyala kuseri kwa khola, kumene zidzakule bwino popanda kulanda munthu kanthu. Koma ndiyenera kukuuzani nonse chimene chinakweza mawu anga, popeza mlandu wake ndi wanga, ndipo unatsala pang'ono kuchotsa mlongo wanga, agogo anu aNambewe, pa mudzi uno.

Choyamba mudziwe pamene mwakhala. Dziko lathu lino la Angoniya lili ngati denga la nyumba. Mukaima pa mtunda wa ku Kalomwe mvula ikugwa, dontho limene lagwera mbali ya ku Dedza limatsikira ku Linthipe n'kukalowa m'nyanja ya anzathu a ku Malawi. Limene lagwera mbali ino limalowa m'timifuleni tathu, timifuleni n'kuthira mu Lifidzi, madzi a Lifidzi n'kukathera mu Revubwe, Revubwe n'kukagwera mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Aphunzitsi anu amakujambulirani zimenezi pa mapa ndi utoto wobiriwira. Ine ndinaziphunzira ndi mapazi. Tanthauzo lake ndi lakuti ife tilibe mtsinje wotibweretsera madzi kuchokera kwina. Yathu imabadwira konkuno n'kutithawa. Mvula ikatha, chimene tili nacho ndi chokhacho chimene dambo latisungira pansi, n'kumatigawira pang'onopang'ono kudzera pa akasupe, monga mayi wanzeru amatapira chimanga m'nkhokwe.

Ndinaona zimenezi koyamba ndevu zanga zitangoyamba kumera, pamene amalume anga ananditenga pa kamiyau, galimoto yaikulu yonyamula mbatatesi, kupita ku Tete. Tinanyamuka kuno titadzikulunga m'masaka, mame ali mbuu pa udzu, mano akugundana. Pofika masana tinali titatsika mapiri onse, malaya tavula, tikudutsa mitengo ya malambe imene ndinali ndisanaionepo, yonenepa ngati nkhokwe koma yopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Titafika pa Revubwe ndinaona mtsinje wotambalala kuposa munda wa chimanga, mchenga mbali zonse, amayi akufukula maenje mumchengamo kuti apeze madzi oyera. Amalume anandigunda ndi chigongono.

"Mphwanga, wawazindikira madzi awa?"

"Ndiwazindikira bwanji, amalume, ine kuno n'koyamba?"

"Ena mwa iwo unasambamo mulungu wathawu ku Nankhanu. Ndiye ukapitiriza kutayira madzi mungalande ija poganiza kuti sindikuona, dziwa kuti amayi awa ndiwo akukatunga."

Anthu onse pa kamiyau anaseka, ine ndinabisa nkhope m'thumba la mbatatesi. Usaseke kwambiri, Tomasi, chifukwa nawenso ndinakuona.

Nankhanu, amene inu mumangomuona ngati kamadzi kotsukira mapazi, ndiye kasupe amene makolo athu anamangira mudzi uno. Masiku amenewo kumutu kwake kunali mdima ngakhale dzuwa lili pamutu: mitengo ya katope, mikuyu, kanjedza, ndi bango lowirira m'munsi mwake. Palibe ankadulako ngakhale ndodo. Amayi ankatunga ndi chikho n'kuthira mumtsuko, ndipo mphika wamwaye sunkaloledwa kufika pamenepo. Inu mwakulira m'nthawi ya mabidau, zigubu zachikasu zokhala ndi chotsekera, simudziwa luso losenza mtsuko wodzaza pa nkhata, masamba atayalidwa pamwamba kuti madzi asakhavukire, uku ukukwera chitunda choterera. Ife anyamata tinkapitako kukagwira nkhanu pansi pa miyala ndi kukatola zipatso za katope, zimene zinkatidetsa milomo kotero kuti bodza lakuti tinali kubusa silinkagwira.

Amalume aja ndi anzawo ndiwo anakumba ngalande imene imatenga madzi a kasupe kupita kumadimba. Analibe chingwe kapena chida chilichonse choyezera. Ankakumba mikono iwiri, n'kutsegulira madzi, n'kuima kuti aone ngati madziwo akutsata khasu. Akatsata, ankapitirira, akaima, ankakwirira n'kukhotera kumunsi pang'ono. N'chifukwa chake ngalande yathu imayenda mokhotakhota ngati munthu wochokera kumowa, ndipo mlendo akaiona amalumbira kuti madzi akukwera phiri. Inkathirira madimba asanu ndi atatu. Loyamba, pafupi ndi kasupe, linali la banja la aJere. Lathu linali lachitatu. Lomaliza, kumchira kwenikweni, linali la amayi athu, limene anasiyira aNambewe. Chaka chilichonse tikakolola, mphepo yozizira itayamba, mabanja onse asanu ndi atatu ankatuluka ndi makasu kukapala ngalandeyo, amayi atabweretsa thobwa m'zipanda. Chilimwe chonse, pamene mitunda inali itauma gwa, m'madimbamo munali nyemba, kovi ndi mbatatesi. Njala inkadutsa pamsewu, ife inkangotipatsa moni.

Kenaka inabwera nkhondo. Za iyo sindinena zambiri lero. Tinawoloka malire pa mtunda wa ku Kalomwe uja, ine ndi akazi anga, agogo anu aNangozo amene ali pamtondo apowa, ndi aNambewe, amuna awo ndi mwana wawo Domingo. Tinakhala ku Dedza zaka zambiri. Amalume tinawaika komweko, ndi alamu anga, amuna a aNambewe, chimodzimodzi. Anthu a kumeneko anatilandira bwino, pakuti chinenero n'chimodzi ndipo ena anali abale athu enieni. Koma tinali ochuluka, ndipo aliyense ankafuna nkhuni ndi mitengo yomangira. M'zaka zochepa mapiri amene tinawapeza obiriwira anakhala ngati mitu yometa pamaliro. Ndikawayang'ana ndinkachita manyazi, popeza nkhwangwa yanga inalipo pa ntchitoyo.

Choncho alangizi atabwera kudzatsegula nazale, malo ofeseramo mitengo, ine ndinali woyamba kupereka dzina. Anatiphunzitsa kuti mitengo imasunga nthaka ndi madzi, ndipo ananena zoona. Mwina ananenanso za malo oyenera mtundu uliwonse ine ndili kotunga madzi othirira, sindiwanamizira kanthu. Chimene ndinatenga ine n'chakuti mtengo ndi mtengo basi. Ndipo pa yonse ndinkakonda bulugamu, umene inu a ku shikola mumautcha kalipito, chifukwa unkakula ukuuona, wowongoka, wosavuta, mbuzi zosaufuna.

Mtendere utabwera, anthu anayamba kumanga katundu. Ena ananyamula malata, ena zitseko, ena mbuzi. Ine ndinamanga pa njinga dengu la mbande makumi anayi, mpando wanga wa ndalema n'kuusiya kwa mwini malo amene anatisunga.

"AMbewe," anatero agogo anu aNangozo, mtolo wa miphika uli pamutu, "anzathu akubwerera ndi madenga, ife tikubwerera ndi tchire?"

"Phaso la nyumba yanu ndi limeneli, aNangozo. Dikirani zaka zisanu."

"Ndiye zaka zisanuzo mvula idzatidikiranso?"

Ndinakankha njinga ija kuchokera ku Kalomwe mpaka kuno, ndikuima pa mfuleni uliwonse kuwaza madzi pa mbande zanga ngati ndanyamula khanda.

Tinapeza nyumba zitagwa, minda itamera tsekera wotalika kuposa munthu. Kumutu kwa Nankhanu kunali zitsa zokhazokha. Amene anadula katope ndi mikuyu ija sindimudziwa, ndipo sindinafunse. M'nthawi ya nkhondo munthu amachita chimene chingamufikitse mawa. Koma kasupe anali wamoyo, dambo linali litamugwira. Tinapala ngalande masiku anayi, madzi n'kutsata khasu monga kale mpaka dimba lachisanu ndi chitatu. ANambewe, amene anapita ndi mwamuna n'kubwerera wamasiye, anakhala pansi m'matopemo n'kuyamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi, ife amuna n'kuyang'ana kumbali.

Mulungu womwewo ndinabzala mbande zanga kuzungulira diso la kasupe, m'dothi lonyowa lenileni, ndikuti ndikubwezera Nankhanu chovala chake. Mtima wanga unali woyera, ana inu, ndipo ichi ndicho chimandiopsa kufikira lero. Mitengo ija inakula ngati ikuthamangitsidwa. Pa chaka chachinayi inali itapitirira denga la tchalitchi. Anthu odutsa ndi ngolo ankaloza n'kunena kuti, "Iyo ndi nkhalango ya aMbewe," ndipo ine ndinkayenda chifuwa chili patsogolo. Lamulungu masana ndinkapita kukangoimirira pakati pake, kumvetsera masamba akulira ndi mphepo.

Amene ali kumchira kwa ngalande ndiye amayamba kudziwa kuti kasupe wadwala. Chaka chachisanu, m'mwezi wakhumi, pamene dzuwa limakwiya mvula isanagwe, madzi sanafike kwa aNambewe. Ndinati mvula ya chaka chimenecho inali yochepa. Chaka chotsatira mvula inagwa yokwanira, mpaka Lifidzi anakokolola mlatho wa mitengo, koma madzi anathera pa dimba lachisanu ndi chimodzi. Chaka chinacho anathera pa lachinayi.

Amayi ndiwo anayamba kuona, popeza ndiwo amapita pakasupe tsiku ndi tsiku. Agogo anu aNangozo anandiyamba tikupala nyemba.

"AMbewe, mwaona kuti pansi pa mitengo yanu sipamera ngakhale udzu?"

"Ndi mthunzi umenewo."

"Katope analibe mthunzi? Nanga nkhanu zapita kuti?"

"Ana adya."

"Oo, ana adya nkhanu zonse, ndi madzi omwe amwa. Ana a masiku ano ndi oopsa ndithu."

Munthu amene wakankha njinga kuchokera ku Kalomwe samva msanga. M'malo mwake ndinafunafuna wakuba, ndipo ndinamupeza pa dimba loyamba. Tsiku lopala ngalande, pamaso pa mabanja onse, ndinanena kuti aJere amapatutsa madzi mobisa. AJere anali munthu wamfupi, woseka nthawi zonse, amene tinakhala naye msasa umodzi ku Dedza. Anatsamira pa khasu lawo.

"Bwerani mudzakhale pa dimba langa mulungu wathunthu, aMbewe, muone ngati ndimamwa ndi mphuno. Wakuba wanu ndi wamtali kuposa ine, ndipo ali ndi anzake makumi atatu ndi asanu ndi anayi."

Ena anaseka, ena anawerama. Ine ndinasenza khasu n'kuchoka thobwa ndisanalawe, ndipo kwa chaka chathunthu sindinapereke moni kwa aJere.

Nthawi yonseyi aNambewe sanandinene kanthu. Dimba lija ndilo linali mwamuna wawo, ndilo linali nkhokwe yawo. Litauma anayesa kuthirira mizere iwiri ya kovi ndi madzi osenza pamutu kuchokera ku Lifidzi, ulendo wotsika ndi kukwera umene inu achinyamata mungaupite kamodzi n'kugona tsiku lonse. Iwo ankapita katatu. Ndinkawaona akudutsa kuseri kwa dimba langa lobiriwira, bidau ili pamutu, khosi litalowa m'mapewa, ndipo ndinkawerama ngati ndikuzula udzu.

Tsiku lina m'chilimwe chachitatu cha chilala chawocho, Domingo anatsika pa shapa, kabasi konyamula anthu, kuchokera ku Tete, kumene anali atapeza ntchito ndi banja. Anabwera kwathu ndi amayi ake, anakhala pamphasa mwaulemu, chipewa chili pabondo. Mukudziwa mwambo wathu: ine ndine mwini mbumba, mlongo wanga sangasamuke pamudzi popanda mawu anga, ndipo akasamuka chifukwa cha njala, manyazi ake ndi anga.

"Amalume, ndabwera kudzapempha kuti ndiwatenge amayi. Kwathu kuli mpopi pakhomo. Khosi lawo latha."

"Ku Tete? Amayi akowa anabadwira m'mphepo. Kutentha kwa kumene kuja kudzawapha mwezi umodzi."

"Kuno chikuwasunga n'chiyani, amalume?"

Ndinatembenukira kwa mlongo wanga. "Achemwali, inu mukuti bwanji?"

Anayang'ana manja awo. "Achimwene, ine ndinathawa mfuti n'kubwerera. Sindinkadziwa kuti ndidzathawanso mitengo. Manda a amayi ali pano, sindikufuna kupita. Koma sindingadye manda."

Ndinapempha Domingo kuti andipatse masiku atatu. Ndinali ndisanagonje, musaganize choncho. Ndinkafuna kuwaonetsa onse kuti diso la kasupe langotsekeka ndi matope, ndipo ndikalikumba mozama madzi adzatumphuka. M'mawa mwake ndinatenga khasu n'kupita ndekha. Ndinakumba mpaka m'mawondo, ndipo khasu linayamba kudunda ngati ndikumenya mphasa. Ndinagwada n'kupisa dzanja. Munalibe matope otseka. Munali mizu: timizu tofiira, tating'ono ngati tsitsi, tolukanalukana, todzaza diso lonse la kasupe ndi njira zonse zimene madzi ankatulukira. Ndinazula chipukutu chimodzi n'kuchifinya, madzi n'kutsika m'chigongono mwanga. Ndinakweza maso kuyang'ana mitengo yanga, yonenepa, yonyezimira masamba pakati pa chilimwe pamene chilichonse chinali chofota, ndipo ndinadziwa kumene dimba la mlongo wanga linapita.

Ndinabwerera kunyumba ndi mizu ija m'manja n'kuiika pakhonde. Agogo anu aNangozo anaiyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kulowa m'nyumba. Ndinkadikira mawu, ndipo ndinali wokonzeka kuwalandira onse. Anatuluka ndi nkhwangwa, atainola kale. Kufikira lero sanandiuze kuti anainola liti. Mukawafunse nokha, mwina inu adzakuuzani.

Ndinapita kwa Domingo n'kunena kuti, "Mphwanga, wakuba ndamupeza, ndipo ndi ine. Ndipatse mvula imodzi." Anayang'ana amayi ake. Iwo anati, "Mbuzi yanga ili ndi bere, singakwere shapa. Ndidzapita ikaswa." Domingo anabwerera yekha.

Kugwetsa mtengo umene unaunyamula uli waung'ono ngati chala si ntchito ya manja okha. Ndinagwetsa yonse makumi anayi m'milungu itatu, ndikuyamba ndi umene ndinkaukonda koposa kuti ina isandivute. Mitengoyo ndinaiunjika kumtunda, ndipo ndinakhala pansi kudikira madzi. Apa ndipo ndinalakwa kachiwiri. Mvula itagwa, chitsa chilichonse chinatulutsa mphukira zisanu, zisanu ndi imodzi, zonenepa, zofiirira, zokula mofulumira kuposa poyamba. Ndinali nditadula akuba makumi anayi n'kubereka mazana awiri. Bulugamu saphedwa ndi nkhwangwa, ana inu, nkhwangwa imangomumeta.

Panalibe njira ina koma kuzula zitsa. Ndinayamba ndekha, ndipo chitsa chimodzi chinanditengera masiku anayi. Ndikulimbana ndi chachiwiri, thukuta lili m'maso, ndinamva belu la ng'ombe kumbuyo kwanga. Anali aJere, ndi ng'ombe zawo ziwiri za pagoli ndi unyolo wa ngolo.

"Ndamva kuti mwagwira wakuba, aMbewe. Ndabwera kudzathandiza kumumanga."

"AJere, ine ndinakulakwirani pamaso pa anthu."

"Ndiye mudzapepese pamaso pa anthu, thobwa lake likhale lanu. Pakali pano kumbani mbali iyo, ng'ombe zanga sizidya mawu."

Tsiku lotsatira anabwera a dimba lachisanu, kenaka a lachisanu ndi chiwiri, mpaka mabanja onse. Amuna tinkakumba ndi kudula mizu, ng'ombe n'kukoka, amayi n'kukwirira maenje. Ndinapepesa monga ananenera aJere, nditaimirira, chipewa chili m'manja, ndipo thobwa linali langa. Zitsa zitatha tinapita ku mfuleni wina kuseri kwa phiri, kumene nkhwangwa za nkhondo sizinafike, kukazula timbande ta katope. Mikuyu tinabzala nthambi zake. Tinagwirizana kuti kumutu kwa dambo kusapsenso moto, ng'ombe zisapondeko, ndipo khasu la munthu aliyense liime mikono makumi awiri kuchokera pamadzi. Katope amakula mwaulesi, sindikubisirani. Ukamuyang'ana lero ndi mwezi wamawa, amakhala ngati akukunyoza. Koma iye ndi mwana wa m'madzi, amakhala nawo mwaulemu, ndipo mthunzi wake umalola udzu ndi bango kumera pansi pake.

Masiku ano mwaona ma motobomba opopa madzi akulira m'mbali mwa Lifidzi ndi mapaipi akuda atayalidwa m'minda. Sindidana nazo, zapulumutsa misana ya amayi ambiri, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu ndikanagula yanga. Koma makina amakoka madzi amene alipo, sabereka ena. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti mtsikana wa zaulimi amene amabwera pa mota, njinga yamoto ija, kuchokera ku Ulongwe, tekinika uja wovala nsapato zazitali, anaima pa Nankhanu chaka chatha, n'kufunsa dzina la mtengo uliwonse, n'kutenga nthangala za katope m'thumba mwake kuti akafese kwa anthu a midzi ina. Anaphunzira kuposa ine, koma anafunsa. Ine pa msinkhu wake sindinkafunsa.

Koma ndathamangira kutsogolo. Chilimwe choyamba titazula zitsa, madzi sanawonjezeke ngakhale pang'ono. Anathera pa dimba lachinayi monga kale. Dambo limene lakamidwa zaka zambiri silidzaza ndi mvula imodzi. Anthu ena anayamba kung'ung'udza kuti tavutika pachabe, ndipo ine sindinkadya bwino. Domingo anabweranso.

"Amayi, mbuzi ija inaswa kalekale."

"Inaswa, mwanangu, koma ana ake akuyamwa. Ukufuna ndiwasiye amasiye?"

Domingo anapukusa mutu n'kundiyang'ana ine. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kusenza ndekha madzi a mlongo wanga kuchokera ku Lifidzi, mabidau awiri pa njinga, ndipo mizere itatu ya m'dimba langa ndinaipereka kwa iwo. Analandira, koma anandiuza mosabisa kuti munthu wamkulu sakhala moyo wake wonse pa mizere ya mlongo wake.

Chilimwe chachiwiri madzi anafika pa dimba lachisanu ndi chimodzi, ndipo mdzukulu wa aJere anapeza nkhanu imodzi, yaing'ono ngati chikhadabo, imene anayenda nayo mudzi wonse. Domingo sanabwere, anatumiza uthenga: wamanga kale chipinda cha amayi ake, ndipo mvula ikubwerayi ikatha, madzi akapanda kufika, adzabwera ndi galimoto, mbuzi ndi ana ake omwe adzakwera. ANambewe atamva anati, "Mwanayu wanena zoona, achimwene. Zifukwa zandithera."

Chaka chachitatu tinapala ngalande mosamala kuposa kale lonse. Tinamata ndi dothi la pachulu paliponse pamene panali mng'alu, tinatseka mauna a mbewa. M'miyezi yozizira madzi ankafika kumchira, koma zimenezo sizinkatanthauza kanthu, popeza mayeso a kasupe ndi mwezi wakhumi. Mwezi wachisanu ndi chinayi unatha madzi akuyendabe, akucheperachepera. Wakhumi utalowa, a madimba a kumtunda anagwirizana okha, ine osawapempha, kuti pa masiku anayi alionse, tsiku limodzi onse atseke makwawa awo olowetsera madzi m'madimba kuti madzi apite kumchira.

Tsiku loyamba lotero linali lotentha kwambiri, nyenje zikulira m'mitengo. Ndinaima pakasupe m'mawa, aJere atatseka kwawo, ine kwanga, ena onse kwawo, ndipo ndinayamba kuyenda limodzi ndi mutu wa madzi. Unali waung'ono ngati dzanja, ukukankha timasamba touma patsogolo pake, ukuima pa kadzenje kalikonse mpaka kadzaze. Ndinkauchotsera timiyala ndi zala. Unadutsa dimba lachisanu dzuwa lili pakati pa mitengo, lachisanu ndi chimodzi dzuwa lili pamutu. Pa lachisanu ndi chiwiri pali malo a mchenga, ndipo pamenepo unaima. Ndinakhala pansi n'kumauyang'ana ukulowa m'nthaka. Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Kenaka mchenga uja unada, unakhuta, ndipo kamadzi kanatulukira mbali inayo n'kupitirira.

ANambewe anali atakhala pa mzere wouma m'dimba lawo, miyendo atatambasula, nsana atalozetsa kungalande ngati munthu amene sakudikira kanthu. Madzi analowa m'khwawa lawo, anatsata mzere, n'kukagunda chidendene chawo. Sanadzidzimuke. Anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenaka anapisa dzanja, anatapa pang'ono n'kulawa.

"Ndi ochepa, achimwene."

"Ndi ochepa, achemwali. Koma uno ndi mwezi wakhumi."

"Ndikudziwa mwezi, sindine mwana." Anapukuta dzanja pa chitenje. "Kodi aJere chikombole chawo cha njerwa chija akadali nacho?"

"Chikombole? Mukufuna chiyani ndi chikombole?"

"Nyumba yanga yatopa, ikudontha mbali zonse. Madzi opondera dothi ndi awa. Nkhuni zowotchera njerwa muli nazo mulu wonse kumtunda kuja, zimene zinanenepa ndi dimba langa. Musaganize kuti ndidzazigula. Ndipo mumuuze Domingo kuti chipinda chakecho aikemo alendo."

Ndinaimirira pamenepo ngati chitsa, m'maso mwanga muli nkhungu.

"Mwaima chiyani, achimwene? Dzuwa likupita."

Ndinathamanga, ine munthu wa imvi, kudumpha mizere ya anthu, mpaka kwa aJere kukabwereka chikombole.